Bwanji osangotsegula mageti onse a ku Liwonde?

Mwana wa Mpondasi:
Moni akuluakulu nonse. Funso langa mwina ndi lachibwana koma landisowetsa tulo. Nyanja yadzazanso kuno ku Mangochi. Madzi afika pa mtengo wa mango umene agogo amati anaufika komaliza mu 1980. Thandala lathu loyanikapo usipa lamira, chimbudzi chagwa. Ndiye pa baraji ya ku Liwonde, chotchinga cha mageti chija cha pa mtsinje wa Shire, akusungiranji madzi? Bwanji osangotsegula mageti onse kuti madziwa azipita kwawo ku Zambezi?

Mayi a ku Makhanga:
Apite kwawo kudzera pati, mwanawe? Mumlengalenga? Njira yake ndi pakhomo panga. Inu mwataya thandala, ife kuno kumunsi kwa Shire akatsegula motero titaya nyumba, mbuzi ndi manda omwe. Za chigumula cha 2015 sitinaiwale, za namondwe Freddy mu 2023 ndiye musatikumbutse n'komwe.

Mwana wa Mpondasi:
Pepani mayi, sindinanene kuti mumire. Koma nafenso ndife anthu.

Joni Boy:
Yayambika ya a kumtunda ndi a kumunsi. Dikirani ndikatenge chimanga chokazinga.

Nabanda wa Madzi:
Achimwene a ku Mpondasi, tiwerenge limodzi. Nyanja ya Malawi kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 29,600. Kuti muitsitse ndi sentimita imodzi yokha, kachala kakang'ono kupingasa, muyenera kuchotsamo madzi okwana pafupifupi makiyubiki mita 300 miliyoni. Tiyerekeze kuti ku Liwonde awonjezera makiyubiki mita 300 pa sekondi iliyonse pamwamba pa omwe akutuluka kale. Pangapite masiku oposa khumi, usana ndi usiku, kuti sentimita imodziyo ichoke. Pofika tsiku limenelo Mayi a ku Makhanga ali pamwamba pa chulu, inu thandala likadali m'madzi. Amene amatsitsa nyanja kwenikweni ndi dzuwa ndi mphepo. Madzi ochuluka amachoka ngati nthunzi, Shire amangotenga gawo lochepa.

Mphunzitsi Wopuma:
Achemwali Nabanda anena zoona, ndipo ndionjezere mbiri pang'ono poti ana a masiku ano sakuiphunzira. Baraji ija inamangidwa mu 1965, ndipo sanaimangire kuopa madzi ochuluka ayi. Ankaopa madzi ochepa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pake. Pa Malombe anthu ankalimapo. Kumunsi, dambo lalikulu limene lero timati Elephant Marsh linauma mbali yaikulu, anthu n'kudzalamo thonje ndi chimanga. Madzi atabwerera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, minda yonseyo inamira. Akulu amati madzi saiwala khwawa. Tsono pamene boma linkamanga makina a magetsi pa Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, linafuna chitseko choti chizisunga madzi m'nyanja kuti mtsinje usadzaumenso makina n'kuima.

Mang'anja Weniweni:
Aphunzitsi, zonsezo ndamva. Koma mukukamba za nyumba ndi magetsi basi. Palibe amene wafunsa nsomba. Ine ndinakulira m'bwato, bambo anga asodza m'dambo limeneli moyo wawo onse kumbali ya Chikwawa. Iwo satsata nkhani za pa wailesi, amayang'ana madzi. Mvula yoyamba ikagwa, mtsinje n'kuyamba kukwera n'kulowa m'maudzu, usiku womwewo milamba imatuluka m'mtsinje kukaswana m'madzi ofika mu akakolo. Mumachita kumva phokoso lake mumdima. Ana ake amakulira m'maudzu momwemo, mobisika, chakudya chili mbwee. Madzi akamabwerera mu Meyi ndi Juni, ndi pamene timatchera miono m'timakwawa. Chaka chimene madzi sanalowe bwino m'maudzu, bambo amanena kuti chaka chamawa tidya nyemba. Ndipo zimachitikadi.

Koma chimene anthu a m'tauni sadziwa n'chakuti dambo limafunanso kuuma. Likaphwa, msipu umamera, ng'ombe zimalowa, zimasiya ndowe, anthu amadzala mbatata ndi chimanga cha kudimba m'matope amene madzi asiya. Madzi akadzabweranso amapeza zonsezo n'kuzisandutsa chakudya cha mphende ndi milamba. Malo amene madzi amangokhala chaka chonse osachoka, mumamera gumbwa ndi namasupuni wothithikana, bwato silidutsa, ukonde suponyeka.

Nabanda wa Madzi:
Achimwene Mang'anja, mwalongosola bwino kuposa mmene anatiphunzitsira ku koleji. Imeneyi ndiye nkhani imene ndimafuna gulu lino liimve. Kale akatswiri akamamanga damu ankafunsa funso limodzi: tisiye madzi ochuluka bwanji kuti mtsinje usaume? Akasiya kamadzi koyenda mofanana kuyambira Januwale mpaka Disembala, ankati zatheka. Koma mtsinje uli ndi nyengo zake monga munda. Pali nthawi yodzaza, nthawi yobwerera pang'onopang'ono, nthawi yochepa madzi. Nsomba, achule, mbalame ndi udzu zimawerenga nyengo zimenezi. Kuchuluka kwa madzi pa chaka kungakhale komweko, koma mukawagawa mofanana miyezi yonse mwapha dambo ngakhale simunabe dontho.

Makina a magetsi amafuna zosiyana ndi zimenezi. Iwo amafuna madzi ofanana tsiku lililonse. Ndiye baraji imagwira madzi nthawi ya dzinja n'kumawatulutsa m'chilimwe. Zotsatira zake, m'chilimwe Shire amakhala wodzaza kuposa mmene akanakhalira payekha. Mkangano wagona pamenepo.

Mayi a ku Makhanga:
Tsono ngati amagwira madzi dzinja, ife timamira ndi ati?

Nabanda wa Madzi:
Ambiri sachokera kunyanja, mayi. Ndi a mitsinje imene imalowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde, imene ilibe geti ndi imodzi yomwe: Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza, makamaka Ruo. Ruo amatsika ndi madzi a phiri la Mulanje mwaukali, akafika pa Chiromo amamutsekera Shire njira, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo. Inu a ku Makhanga muli pakati pa awiriwa. N'chifukwa chake mvula ikachuluka kumunsi, oyang'anira baraji amayenera kuchepetsa otuluka ku Liwonde, osati kuwonjezera.

Mayi a ku Makhanga:
Ruo timamudziwa. Njanji ndi msewu pafupi ndi mlatho wa pa Chiromo anazikokolola mu 1997, mpaka lero tikuwoloka pa bwato. Koma ndinene ichi. Amayi anga ankati kale madzi ankabwera ngati mlendo waulemu, kukwera pang'onopang'ono, anthu n'kukhala ndi nthawi yosamutsa ziweto. Ankasiya dothi lakuda. Masiku ano amabwera usiku umodzi ngati wakuba, ofiira, n'kusiya mchenga m'dimba wofika m'chiuno. Mchenga simungadzalemo kanthu. Ndipo njala ikavuta timalowa m'dambo momwemo kukazula nyika, ng'ona zili pompo. Ndiye mukamati dambo likhale ndi moyo, dziwani kuti ena timadya m'menemo, si za mbalame zokha.

Mphunzitsi Wopuma:
Mchengawo ndi mapiri a Neno, Mwanza ndi Thyolo amene akutsikira kwa inu. Matumba a makala amene timagula mu Blantyre mtengo wake wina mukulipira ndinu. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limataya onse tsiku limodzi, chilimwe mtsinje gwaa. Kumeneko ndi kusokoneza kayendedwe ka mtsinje kopanda damu.

Wa ku Mazabuka:
Muli bwanji abale ba ku Malawi. Nakhala nikuwerenga chabe, manje lekani nikambeko, chifukwa ivi ise tinapitamo kudala. Ndiyesa kulemba Chichewa chanu, musaniseke.

Kuno ku Zambia tili ndi Kafue Flats, dambo lalikulu kwambiri. Kumunsi kwake anamanga damu ya Kafue Gorge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kumtunda anamanga Itezhi-Tezhi imene inatha cha m'ma 1977. Dambo linatsala pakati pa madamu awiri. Omanga anadziwa kuti pakhala vuto, ndiye anaika lamulo loti mwezi wa Malichi azitulutsa makiyubiki mita 300 pa sekondi kwa masabata anayi, kuti dambo lione ngati chigumula chabwera. Nzeru yabwino. Koma chaka chimene mvula yavuta, amene ali ndi kiyi ya geti amaganiza za magetsi a ku migodi ya ku Copperbelt poyamba, ndipo madzi a Malichi aja sankatuluka zaka zonse monga analembera.

Chimene chinachitika n'chodabwitsa. Kumunsi, pafupi ndi Kafue Gorge, malo ena anasanduka thamanda la chaka chonse. Kumtunda malo ena anasiya kumira. Konseko msipu unaonongeka. Chitsamba chaminga chochokera ku America chotchedwa Mimosa pigra chinalanda malo aakulu ku paki ya nyama ya Lochinvar. Nyama ya lechwe ya ku Kafue, imene siipezeka kwina kulikonse pa dziko, inali pafupifupi 100,000 madamu asanamangidwe, pano yatsala yosakwana 30,000. Opha nyama mozemba nawonso ali ndi mlandu, sinikana. A Ila ndi a Tonga amene amatsitsira ng'ombe zawo kudambo madzi akaphwa ndiwo angakuuzeni bwino. M'zaka za m'ma 2000 a kampani ya magetsi ya ZESCO, boma ndi a bungwe loteteza zachilengedwe la WWF anakhala pansi kukonza malamulo atsopano oti madzi azituluka motsanzira mvula ya chaka chimenecho. Papepala zinali bwino maningi.

Joni Boy:
Papepala ngakhale ine ndili ndi nyumba ku Area 43.

Wa ku Mazabuka:
Kikiki, ndiye mwamva chimene nimatanthauza.

Mlendo wa ku Tete:
Nafenso kuno ku Mozambique tili nayo yathu. Damu ya Cahora Bassa inatseka Zambezi mu 1974, ya Kariba ili kumtunda kuyambira 1959. Zambezi kumunsi anasiya kusefukira chaka ndi chaka monga kale. Ku Marromeu, kumene mtsinje umagawikana polowa m'nyanja ya mchere, dambo linayamba kuuma, moto wolusa n'kumalowa malo amene kale sunkafika. Ngakhale nkhanu zazing'ono zija timati kamarau, zimene Mozambique imagulitsa kunja, ofufuza anapeza kuti zimachuluka kapena kuchepa potengera mmene Zambezi wathirira madzi m'nyanja. Choipa china n'chakuti anthu anazolowera kuti mtsinje sudzazanso, anamanga m'malo otsika. Chaka chimene damu yadzaza n'kutsegula mageti mokakamizika, monga mu 2001, anthu ambirimbiri anasowa pokhala. Chigumula chaching'ono cha chaka ndi chaka chinkawakumbutsa anthu malire.

Bambo a Tadala:
Ine ndine wowotcherera zitsulo ku Ndirande, ndilankhula mosabisa. Mukufuna tizime magetsi kuti milamba ikwatirane? Mu 2016 ndi 2017 nyanja itatsika tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Antchito atatu ndinawachotsa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, chaka chathunthu ndi miyezi tikuvutika. Nsomba ndimaikonda, koma sindingawotcherere geti ndi mphende.

Mang'anja Weniweni:
Nanga ndiwo zimene mumagula pa msika wa Ndirande, milamba yowamba ija, mumayesa imachokera mu soketi?

Admini:
Akuluakulu, tizikambirana mwaulemu. Bambo a Tadala afunsa funso lenileni, liyankhidwe.

Nabanda wa Madzi:
Ndi lenilenidi, ndipo sindinama kuti palibe chotayika. Madzi amene mwatulutsa mu Febuluwale kuti dambo limire simudzakhala nawo mu Okutobala. Koma pa Shire mwayi ulipo umene a ku Kafue alibe: chigumula cha dambo lathu chimabwera ndi Ruo ndi anzake, sitichita kuchigula ndi magetsi. Zimene ndimaopa ine ndi ziwiri zina.

Choyamba ndi kusinthasintha kwa madzi pa tsiku limodzi. Magetsi amafunika kwambiri m'mawa ndi madzulo. Damu yopangira magetsi a nthawi zimenezi imatseka madzi masana, madzulo n'kuwamasula onse. Kumunsi mtsinje umakwera ndi kutsika ngati munthu wopuma. Mazira a nsomba amene ali m'mphepete amauma, tiana timatsala m'timaenje n'kufa, magombe amagumuka, ng'ona ndi mbalame zoikira mumchenga zisa zimamira. Damu ya Mpatamanga imene akukonza kumanga, ya mamegawati 358, ndi ya mtundu umenewu. N'chifukwa chake pulani yake ili ndi damu yachiwiri yaing'ono kumunsi, ntchito yake kulandira madzi obwera mwamphamvuwo n'kumawatulutsa mofatsa asanafike ku Majete ndi kudambo. Imeneyo ndiyo tiziyang'anitsitsa. Ndalama zikadzachepa, zinthu zotere ndi zimene zimayamba kudulidwa.

Chachiwiri ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake ndi kutenga madzi pa Kapichira kukathirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Mbewu zimamwa kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi imene mtsinje uli wochepa. Dambo lizidzauma kuposa kale m'miyezi imeneyo. Mwina pang'ono n'zabwino, monga anenera achimwene Mang'anja, koma pang'ono wake ndi uti? Pamafunika munthu woyeza chaka ndi chaka, osangoyeza kamodzi polemba lipoti lopemphera ndalama.

Mphunzitsi Wopuma:
Pa ngalande imeneyo pali kanthu kena kosangalatsa. Mathithi a Kapichira akhala mpanda kwa zaka zikwizikwi, kuletsa nsomba za ku Zambezi kukwera kupita kunyanja. Ina mwa izo ndi mcheni wa kumunsi wa mano ngati misomali, uja azungu amati tigerfish. Ngalande ikanatha kukhala njira yolambalala mathithi, ndiye anamangapo potsetsereka pataliko kuti nsomba isathe kulumpha. Taganizani chilombo chimenecho chitalowa mu Malombe ndi m'nyanja, mmene chambo chavutikira kale.

Mwana wa Mpondasi:
Ayi chimenecho chokha chikhale konko. Mayi a ku Makhanga, sungani mcheni wanu, ife tisunga madzi athu.

Mayi a ku Makhanga:
Wayamba kuchenjera tsopano.

Anambewe a ku Dedza:
Ndakhala chete poti mukukamba za mitsinje ikuluikulu, ife wathu ndi kamtsinje koti mwana amalumpha. Koma vuto ndi lomweli. Ndili mtsikana tinkagwiramo nkhanu ndi timatemba, chilimwe chonse madzi osaphwa. Pano aliyense ali ndi dimba la kachewere ndi anyezi, ena agula mapampu a petulo. Bambo wina kumtunda, sindimutchula, anaunjika matumba a mchenga kutseka kamtsinje konse mu Ogasiti, madzi onse n'kulowa m'ngalande yake. Kwa ife kunangotsala matope onunkha. Tinapita kwa amfumu. Mlandu unatenga masabata atatu, mbewu zathu zikufota. Chigamulo chinali choti achotse matumba awiri pakati, ndipo kuyambira dzuwa litalowa mpaka tambala woyamba pasapezeke wopatutsa madzi. Tinapulumutsako anyezi. Nkhanu zokha sizinabwerere.

Ndiye ndifunse, lamulo la boma limati chiyani? Munthu angatseke mtsinje chifukwa wadutsa m'munda mwake?

Nabanda wa Madzi:
Sangatero, mayi. Lamulo la zamadzi la 2013 limati madzi ndi a dziko, ndipo wofuna kutseka kapena kupatutsa mtsinje ayenera kukhala ndi chilolezo cha National Water Resources Authority, bungwe lomwelo limene limalamula za mageti a ku Liwonde. Kutunga a pakhomo sikufuna chilolezo. Koma amfumu anu anachita chinthu chimene ndikanakonda alembi a malamulo akanadzaona. Anaupatsa mtsinje nthawi yake pa ndandanda, ngati kuti nawonso ndi mlimi. Usiku ndi wa mtsinje.

Joni Boy:
Nthabwala pambali, kuno ku South Africa lamulo lawo la 1998 linachita zomwezo. Asanagawe madzi kwa a minda ndi a migodi, amayamba apatula a anthu akumwa ndi a mtsinje weniweniwo. Koma pitani mukaone mtsinje wa Jukskei pa Alexandra ku Joni, mudzatseka mphuno. Ndiye ndibwerera ku mawu anga a papepala aja.

Msodzi wa pa Bua:
Anambewe, timitsinje tanu ta ku Dedza musatipeputse, tambiri timathira mu Linthipe, ndipo Linthipe ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa umakwera. Mpasa umakhala m'nyanja koma sungaswane m'nyanja. Umakwera mtsinje mvula ikamatha, kukafuna pamene pali timiyala toyera ndi madzi oyenda, n'kuikira pamenepo. Kuno ku Bua ukupezekabe chifukwa mtsinje umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, mitengo ikadalipo. Kumene matope akwirira timiyala, kapena madzi aphwa msanga tiana tisanatsike, mpasa watha. Onjezani anzathu otchinga mtsinje wonse ndi biyo, ndi othira katupe m'maiwe. Nchila agogo athu ankadzaza nazo mabwato, lero mwana wa zaka makumi awiri sakuidziwa ndi maonekedwe omwe. Nayonso inali yokwera mitsinje.

Ine pempho langa kwa a zothirira ndi laling'ono. Mukamanga chotchinga cha simenti pamtsinje, siyani mbali imodzi yotsetsereka kuti nsomba ikwere, ndipo musamatseke madzi onse m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti.

Bambo a Tadala:
Chabwino, ndamva. Koma ndani amakhala pa tebulo pamene akugamula kuti mwezi uno geti itseguke motere? Msodzi alipo? Ine wa ku Ndirande ndilipo?

Nabanda wa Madzi:
Inu mulipo kudzera mwa a EGENCO, kampani yopanga magetsi, poti chimene mukufuna ndi chomwe iwo akufuna. A shuga ndi a zothirira ali ndi owalankhulira. A malo ogona alendo a kunyanja mawu awo amamveka msanga, tinaona nyanja itadzaza mu 2024. Amene mpando wake umakhala wopanda munthu kawirikawiri ndi msodzi wa m'dambo ndi mayi wozula nyika. Elephant Marsh inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la maiko la Ramsar mu 2017, ndipo kumeneko kuli makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi. Amenewo atamalemba tsiku limene madzi alowa m'maudzu ndi tsiku limene achoka, chaka ndi chaka, angakhale ndi umboni woti palibe injiniya angautsutse.

Mang'anja Weniweni:
Bambo anga kulemba sadziwa, koma pa mtengo wa mtondo umene amamangirirapo bwato pali zizindikiro za chikwanje za zaka zambiri, pamene madzi analekeza chaka chilichonse. Ndipita Loweruka, ndikajambula nditumize pano.

Nabanda wa Madzi:
Chonde mukaimike munthu pambali pake kapena ndodo yoyezedwa kuti tione kutalika. Ndipo muwafunse kuti chizindikiro chilichonse ndi cha chaka chiti, ngakhale atati chaka chimene anabadwa uje.

Mwana wa Mpondasi:
Nanenso ndikhoma msomali pa mango paja. Koma thandala langa ndiye palibe amene walinena.

Mayi a ku Makhanga:
Lisunthire kumtunda, mwanawe. Ife tasuntha nyumba katatu.